Musanayambe Kuimba: Mafunso ndi Mayankho pa Kulumikiza Zida za MIDI

Ku Phalombe kiyibodi siipuma. Loweruka ili pa ukwati ku Migowi, Lamulungu m'mawa ikuperekeza kwaya m'tchalitchi, madzulo yakwera kabaza kupita ku Chiringa komwe gulu lina likukhazikitsa chimbale. Boma lino, lomwe linapatuka ku Mulanje mu 1998, ndi kwawo kwa oimba odziwika monga Joe Gwaladi ndi Gibo Pearson, ndipo achinyamata amene akubwera m'mbuyo mwawo sakhutiranso ndi kiyibodi imodzi. Ena akuilumikiza ku laputopu, ena ku foni, ena ku kiyibodi inzake kuti mawu achuluke. Kulumikiza kumeneku kumadalira MIDI, ndipo n'kumene kumachititsa manyazi anthu atadzaza kale muholo. Zida zikakana, kawirikawiri palibe chimene chafa. Pamangokhala malo amodzi pomwe uthenga waima, ndipo woimba wodziwa kufufuza mwadongosolo amapapeza msanga.

MIDI ndi chiyani, ndipo imanyamula chiyani?

Ndi njira imene zida zoimbira zamagetsi zimamvanirana. Siinyamula mawu ngakhale pang'ono. Imanyamula malangizo okha: kiyi yakuti yadinidwa, yadinidwa mwamphamvu chotere, tsopano yasiyidwa, pedulo yapondedwa, chokani pa piyano mupite pa ogani. Ili ngati dzanja la wotsogolera kwaya, lomwe silitulutsa liwu koma oimba amadziwa chochita likakwera kapena likatsika.

Inayamba mu 1983, pamene Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa Roland ku Japan anatsogolera opanga zida kuti agwirizane njira imodzi. Mu Januwale chaka chimenecho, pa chionetsero cha NAMM ku California, Prophet-600 inalumikizidwa ndi Jupiter-6 pamaso pa anthu ndipo zinamvana. Mgwirizano umenewo ndi umene umachititsa kuti Yamaha yatsopano ilamule Roland yakalekale.

Choti musaiwale n'chakuti njira zilipo ziwiri. Malangizo amadutsa m'nthambo ya MIDI, mawu amadutsa m'nthambo yopita ku mikisa. Iliyonse iyesedwe payokha.

Ine ndimangoimba kiyibodi imodzi yolowa mu mikisa. Izi zikundikhudza?

Pang'ono chabe. Ngati kiyibodi yanu ikutulutsa mawu ake ndipo nthambo imodzi ikupita ku mikisa, simukugwiritsa ntchito MIDI. Komabe werengani za Local Control ndi za pedulo m'munsimu, chifukwa kiyibodi yobwereka imabwera ndi zomwe mwini wake anasiya atasintha. Nkhani yonseyi imakukhudzani tsiku limene mwawonjezera chida chachiwiri: laputopu yokhala ndi FL Studio kapena Cubase, kabokosi kosunga mawu kopanda makiyi, makina a ng'oma, kapena kiyibodi yachiwiri pamwamba pa yoyamba.

Nthambo yozungulira ija ilowe bowo liti?

Ichoke pa MIDI OUT ya chida chomwe mukudina, ikalowe pa MIDI IN ya chida chomwe chikutulutsa mawu. OUT kupita ku OUT sizigwira, IN kupita ku IN sizigwiranso. Nthambo imodzi imatumiza mbali imodzi yokha, choncho mukafuna kuti zida ziziyankhana pamafunika nthambo ziwiri.

Bowo lachitatu, THRU, limangobwereza zomwe zalowa pa IN kuti zipitirire ku chida china. Zimene mukudina pa kiyibodiyo sizitulukira pamenepo. Ambiri amalowetsa nthambo pa THRU chifukwa mabowo onse amaoneka ofanana, makamaka m'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira. Wunikirani ndi tochi ya foni muwerenge zolembedwazo.

Nthambo zotchipa zokhala ndi USB mbali ina ndi mitu iwiri yozungulira mbali inayo zimasokoneza kwambiri. Pa zambiri, mutu wolembedwa IN umalowa pa OUT ya kiyibodi. Zikakana, ingosinthanitsani mituyo. Kulakwitsa kotere sikuotcha chida.

Yanga ilibe mabowo ozungulira, ili ndi USB yokha. Nditani?

Makiyibodi ambiri ang'onoang'ono a masiku ano, monga Yamaha PSR-E373, amatumiza MIDI kudzera pa USB basi. Pa Yamaha bowo lopita ku kompyuta limalembedwa USB TO HOST. Zina zilinso ndi USB TO DEVICE, lomwe ndi lolowetsa fulashi. Laputopu ilowe pa TO HOST.

Makiyibodi awiri okhala ndi TO HOST yokha sangamvane mwa kungowalumikiza ndi nthambo. Pakati pawo pamafunika kompyuta kapena kabokosi kogwira ntchito ya kompyuta. Foni imathanso kulandira MIDI kudzera pa kanthambo ka OTG, koma iyesedwe kunyumba chifukwa si foni iliyonse imene imavomera, ndipo pa nthawi yoimba ikhale yoti singalandire kuitana.

Nthambo ya USB ikhale yaifupi. Mabuku a Yamaha amalangiza yosapitirira mamita 3. Ilowetseni pa bowo lomwelo la laputopu nthawi zonse, chifukwa mukasintha bowo kompyuta itha kuiona kiyibodi ngati chida chatsopano, pulogalamu n'kulephera kuipeza.

Poyesa ndiyambire pati?

Musalumikize zonse nthawi imodzi n'kuyembekeza mwayi. Tsatani njira iyi:

1. Imbani kiyibodi yanu payokha, nthambo za MIDI zili zozula. Ikalira, ili bwino.
2. Lizani chida cholandiracho pachokha, ndi makiyi ake kapena podina pa sikirini, mpaka mawu ake amveke m'masipika. Apa mwatsimikiza njira ya mawu.
3. Lowetsani nthambo imodzi ya MIDI, dinani kiyi, yang'anani kanyali kapena kachizindikiro kosonyeza kuti uthenga wafika.
4. Yesani zonse zimene mudzagwiritse ntchito: kiyi yotsikitsitsa ndi yokwererapo, kudina mofewa ndi mwamphamvu, pedulo, kagudumu kopindira mawu, ndi kusintha mawu a nyimbo iliyonse.
5. Imbani nyimbo yonse yathunthu, ndipo musankhe yomwe ili ndi zida zambiri.

Ngati pali chida chachitatu, chiwonjezereni pokhapokha ziwiri zoyambazo zitamvana. Mukatero, chikakana mumadziwa kuti vuto lalowa ndi chomwe mwangowonjezeracho.

Kanyali kakuphethira koma sikumveka kalikonse. Vuto lili pati?

Kanyali kakamaphethira ndiye kuti nthambo ilibe mlandu. Yang'anani tchanelo. Nthambo imodzi ya MIDI ili ndi matchanelo 16, ndipo wotumiza ndi wolandira ayenera kukhala pa imodzi. Kiyibodi ikamatumiza pa 1 pomwe cholandira chikumvera pa 2, uthenga umafika koma palibe wouyankha. Makiyibodi okhala ndi masitayilo amatumiza dzanja lamanja, lamanzere, besi ndi ng'oma pa matchanelo osiyana, choncho tsegulani menyu muone m'malo mongoganiza.

Tchanelo ikakhala yolondola, onani voliyumu. MIDI imatha kulamulanso voliyumu, ndipo nyimbo yomwe inatha ndi kuzilala pang'onopang'ono imatha kusiya tchanelo pa 0. Zikakhala bwino, pitani kwa mnzanu wa pa mikisa, mwina wangotseka tchanelo yanu.

Kanyali kakapanda kuphethira, uthenga sunafike. Bwererani ku nthambo, ku mabowo, ndi ku menyu ya chida chotumizacho.

Laputopu siikuiona kiyibodi. Ndichite chiyani?

Yatsani kiyibodi ndi kuilumikiza musanatsegule pulogalamu, chifukwa mapulogalamu ambiri amafufuza zida pomwe akutseguka. Mu FL Studio dinani F10, pezani dzina la kiyibodi pa mndandanda wa zolowa, muliyatse. Dzina likaoneka koma losayatsidwa, palibe chimene chidutse. Pa makompyuta ambiri a Windows, pulogalamu imodzi ikagwira kiyibodi inzake siingathenso kuigwira, choncho tsekani zina zonse.

Ngati kiyibodi ikufuna dalaivala, ikani muli komwe netiweki ikugwira bwino. Musadalire kukapanga dawunilodi pa malo a mwambo kuseri kwa phiri la Michesi. Zimitsaninso zoti laputopu izigona yokha, zimitsani intaneti, ndipo musavomere kusintha kulikonse kwa Windows pa tsiku loimba.

Ndasankha piyano koma kukulira ng'oma, kapena chida china. Chachitika n'chiyani?

Ngati kiyi iliyonse ikutulutsa ng'oma yakeyake, muli pa tchanelo 10. Kuyambira 1991, pamene General MIDI inakhazikitsidwa, tchanelo imeneyi inapatulidwira ng'oma. Samukirani pa ina.

Ngati kukulira chida choyandikana ndi chomwe mumafuna, vuto ndi kawerengedwe. Mawu alipo 128 pa mndandanda, koma makampani ena amawerenga kuyambira 0 mpaka 127, ena kuyambira 1 mpaka 128. Wonjezerani kapena chotsani 1. Chenjeraninso ndi ichi: mukasintha mawu pa kiyibodi yanu, imatha kulamula chida chinacho kuti chisinthenso. Ngati simukufuna zimenezo, zimitsani kutumiza kwa Program Change.

Kiyibodi yayaka, sikirini ikuonetsa zonse, koma ili duu. Yafa?

Musathamangire nayo kwa okonza. Fufuzani Local Control mu menyu. Ikakhala Off, makiyi amaleka kulamula mawu a m'kati mwa kiyibodiyo ndipo amangotumiza uthenga kunja. Anthu a m'masitudiyo amaizimitsa dala pojambula, ndipo kiyibodi ina imasunga zimenezo mpaka tsiku la ukwati. Ibwezereni pa On.

Palinso vuto lotsutsana nalo. Local ikakhala On pomwe laputopu ikubweza uthenga womwewo ku kiyibodi, noti iliyonse imalira kawiri, mawu amamveka opyapyala ngati akudutsa m'paipi, ndipo manoti ena amaduka msanga. Zimitsani chimodzi: Local kapena kubweza kwa pulogalamu.

Noti imodzi yakakamira, siikuleka kulira. Ndiizimitse bwanji anthu akumva?

Noti iliyonse ili ndi mauthenga awiri, woyambitsa ndi woletsa. Nthambo ikagwedezeka kapena mukasintha tchanelo chala chili pa kiyi, woletsayo safika, ndipo chida chimapitiriza kulira mokhulupirika. Mankhwala ake ndi lamulo loletsa manoti onse, lomwe zida zambiri zimalitcha Panic. Mu FL Studio ndi Ctrl ndi H. Pa zida zina kudinanso kiyi yomweyo kapena kusintha mawu kumathandiza.

Lipezeni batanili mukadali kunyumba, mulizolowere. Zikakanika, wa pa mikisa atsitse tchanelo yanu kenako muzimitse chidacho n'kuchiyatsanso. Noti ikakakamira pa nthawi yoyesa, musaone ngati zangochitika. Sinthani nthambo nthawi yomweyo.

Pedulo ikugwira mozondoka, ndikaisiya mawu akupitirira. Yawonongeka?

Ayi. Mapedulo amapangidwa mitundu iwiri, ndipo makiyibodi ambiri, kuphatikizapo a Yamaha, amazindikira mtundu wake pa nthawi yoyaka. Mukailowetsa kiyibodi ili yoyaka kale, kapena phazi likakhala pa pedulo poyatsa, imamva mozondoka. Zimitsani, lowetsani pedulo, chotsanipo phazi, yatsani. Ikapitiriza, yang'anani kunsi kwa pedulo, zina zili ndi kaswitchi kotembenuzira. Onaninso kuti mwalowetsa pa bowo lolembedwa SUSTAIN kapena DAMPER.

Makiyibodi awiri akulira, koma sakugwirizana kiyi. Bwanji?

Wolakwa nthawi zambiri ndi Transpose, batani lokondedwa ndi oimbira makwaya athu. Makiyibodi ena amatumiza manoti atasinthidwa kale, ena amatumiza osasinthidwa. Mukakweza pa zida zonse ziwiri, chimodzi chimatha kukwera kawiri. Poyesa, ikani zonse pa 0, kenako kwezani pa chotumiza chokha mumve ngati chinacho chatsatira. Ngati kusiyanako n'kochepa, kongomveka ngati mawu akunjenjemera, onani kuti zonse zili pa 440 Hz.

Chimodzimodzi ndi liwiro. Ngati sitayilo ya kiyibodi ikuyenera kuyenda limodzi ndi laputopu, mtsogoleri akhale mmodzi. Chotsogolera chikhale pa Internal Clock, chotsatira pa External. Kiyibodi yosiyidwa pa External popanda woitsogolera imakana kuyamba sitayilo ngakhale mudine START kangati.

Ndikadina, mawu akubwera mochedwa. Ndi nthambo?

Kawirikawiri ayi. Uthenga wa noti imodzi umadutsa m'nthambo yozungulira pa kamphindi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuchedwa kumachokera mu laputopu, pomwe mawu akupangidwa. Tsegulani mbali ya Audio, sankhani dalaivala ya ASIO, tsitsani Buffer. Pa 1024 zala zimamva kuchedwa, pa 128 kapena 256 anthu ambiri sakumva. Mukatsitsa kwambiri mawu amayamba kuthetheka, ndiye bwererani pang'ono. N'chifukwa chake poyesa mumasankha nyimbo yolemera. Sipika ya Bluetooth imachedwetsa mawu kwambiri, siyoimbira pamaso pa anthu.

Nthambo yakufa ndingaidziwe bwanji?

Njira yachidule ndi kuisinthanitsa ndi ina yomwe mukudziwa kuti ndi yamoyo. Nthambo yoduka m'kati imagwira ikakhala phee, choncho mnzanu aziimba pomwe inu mukuipinda pang'onopang'ono pafupi ndi mitu yake. Yang'anani mano ake asanu ngati pali lopindika kapena ladzimbiri. MIDI imagwiritsa ntchito atatu apakati okha, ndipo wokonza mawailesi aliyense wokhala ndi mita angakupimireni ndi kuwotcherera pomwe paduka. Nthambo isapitirire mamita 15.

Kuno nthambo zimakalamba msanga. Fumbi la mu Okutobala limadzaza mabowo, chinyontho cha m'dzinja chimabweretsa dzimbiri, ndipo kugwedezeka kwa pa njinga yamoto kumamasula zowotcherera. Musanyamule kiyibodi nthambo zili zolowetsa. Zikulungeni momasuka, musazimange mfundo, ndipo pozula gwirani mutu, osati nthambo.

Nanga magetsi akukhudzana bwanji ndi MIDI?

Kwambiri. Magetsi akaphethira ngakhale kamphindi, kiyibodi imazima n'kuyakanso, imatha kuiwala tchanelo ndi zina zomwe munasintha, ndipo laputopu yomwe yapitirira pa batire imataya kulumikizana nayo. Sungani zonse mu Registration Memory kapena pa fulashi, ndipo yesani dala: zimitsani kiyibodi, yatsani, muone zomwe zatsala ndi nthawi yomwe zikukutengerani kuti mubwerere.

Magetsi a ESCOM ndi a 230 V, koma jenereta yaing'ono imakwera ndi kutsika besi ikamagunda. Iyambe yalira ndi kukhazikika musanalowetse zida, ndipo ngati n'kotheka kiyibodi ndi laputopu zidutse pa UPS kapena pa inveta ya sola. Poyatsa, ampulifaya ikhale yomaliza. Pozimitsa, ikhale yoyamba.

Zida zochokera ku Joni kapena zolowera ku Mozambique zimabwera ndi mapulagi a mano ozungulira omwe sakhazikika m'masoketi athu. Kusintha pulagiyo ndi ya mano atatu ya kuno kumaposa kupanikiza ndi kamtengo. Musabwerekenso adaputa mwachisawawa. Ma PSR-E ambiri a Yamaha amafuna 12 V, ma PSR-S amafuna 16 V, ndipo maadaputa ambiri a Roland a 9 V ali ndi waya wozondoka poyerekeza ndi a Yamaha. Adaputa yolakwika ndi imene imaotchadi kiyibodi.

Ndikalumikiza laputopu, masipika akung'ung'uza. Ndi chiyani?

Zulani tchaja ya laputopu. Phokoso likatha, ndiye kuti likudutsa m'nthambo ya USB kuchokera ku magetsi. Nthambo yozungulira ya MIDI siichita zimenezi chifukwa pa IN pali kachida kodutsitsa uthenga mwa kuwala, kopanda kukhudzitsa magetsi a zida ziwirizo. USB ilibe chitetezo chimenecho. Lowetsani kiyibodi, laputopu ndi mikisa pa ekisitenshoni imodzi, kapena dutsitsani mawu pa DI box. Kuimba laputopu ili pa batire kumathandizanso ngati batire lake ndi lolimba. Musadule dzino la ethi pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso, chifukwa ndi limene limateteza wogwira maikolofoni.

Ndiyese liti, ndipo ndinyamule chiyani?

Kawiri. Koyamba kunyumba, patatsala masiku angapo, chifukwa nthambo ya MIDI si katundu wopezeka pa msika uliwonse ndipo mwina ifuna ulendo wa ku Limbe kapena ku Zomba. Kachiwiri pa malo a mwambo, alendo asanafike, pa magetsi omwewo amene mudzaimbire, ampulifaya yonse ikugwira ntchito. Zoyesa pa ESCOM kunyumba sizikuuzani za jenereta ya ku Nambazo.

M'chikwama mukhale nthambo ya MIDI yapadera, ya USB yapadera, ya mawu yapadera, ekisitenshoni yanu, tochi, ndi tepi yomatira nthambo pansi kuti ovina pa perekaniperekani asazikoke. Ngati kiyibodi imalola mabatire, monga PSR-E373 yomwe imatenga 6 a AA, aikeni atsopano. Lembani pa mutu wa nthambo iliyonse komwe imalowa. Lembaninso pa pepala tchanelo ndi nambala ya mawu a nyimbo iliyonse, ndipo jambulani ndi foni kumbuyo kwa zida zonse zikugwira bwino. Mukamaliza kuyesa, pakhale munthu woyang'anira kuti wina asazule pulagi yanu n'kuikapo tchaja ya foni.

Zonse ndayesa, koma zakana pakati pa nyimbo. Nditani?

Musayambe kufufuza anthu akuyang'ana. Konzeranitu pothawira. Kiyibodi yanu ikhale ndi nthambo yakeyake ya mawu yopita ku mikisa, pa tchanelo yoyesedwa kale koma yotsitsidwa, ndipo musunge batani limodzi lokhala ndi piyano kapena ogani ya m'kati mwake, Local ili On. Gwirizanani chizindikiro ndi wa pa mikisa komanso wotsogolera kwaya. MIDI ikagwa, wa pa mikisa atsitse laputopu ndi kukweza kiyibodi, inu mudine batani lija n'kupitiriza. Mudzafufuze woyendetsa mwambo akatenga maikolofoni, ndipo mudzayambe ndi funso limodzi: kanyali kakuphethira kapena ayi?